Libera Chat

Libera Chat ndi netiweki ya IRC yomwe opanga ndi ogwiritsa ntchito mapulogalamu a open source amachezerapo ndi kuthandizirana pa intaneti. Inakhazikitsidwa mu Meyi 2021 ndi anthu odzipereka omwe ankayendetsa freenode, atatula pansi maudindo chifukwa chosagwirizana ndi Andrew Lee pa za umwini wa netiwekiyo. Bungwe lake linalembetsedwa ku Sweden ndipo si lopanga phindu.

Mkanganowo unakakamiza magulu ambiri kusankha kokachezera. Ubuntu, Arch Linux, Gentoo ndi Wikimedia anasamukira ku Libera Chat, pomwe ena anapita ku OFTC kapena Matrix. Posankhapo, ena ankadandaula kuti pa IRC munthu akatuluka, mauthenga olembedwa iye kulibe sawaona pokhapokha akhale ndi bouncer.