Xfce

Xfce ndi pulogalamu yaulere yokonza maonekedwe a pasikirini m'makompyuta oyendera Linux. Anaiyambitsa ndi Olivier Fourdan wa ku France mu 1996, ndipo chizindikiro chake ndi kambewa. Imatchuka chifukwa sifuna memore yambiri, choncho makina akale amene ayamba kuchedwa amatha kugwiranso ntchito bwinobwino.

Mwini kompyuta amasankha yekha pafupifupi chilichonse. Kamzere ka wotchi ndi timabatani angakaike pamwamba, pansi kapena m'mbali, ngakhale kukabisa kuti kazitulukira mausi ikafika pomwepo. Angasinthenso mitundu ndi kukula kwa zilembo. Chothandiza kwambiri n'kuzimitsa mithunzi ya mawindo, pakuti kompyuta yofooka imapepukidwa ndithu.

Xubuntu, mtundu wina wa Linux womwe unatuluka koyamba mu 2006, imabwera ndi Xfce yoikidwiratu.