Gonçalo Mabunda: Mmisili Amene Amasandutsa Mfuti Kukhala Mipando

Gonçalo Mabunda ndi mmisili wa ku Mozambique amene amapanga zifanizo pogwilitsa nchito zitsulo. Sagula zitsulo zatsopano m'sitolo. Amatenga mfuti, zipolopolo, zigoba za mabomba ndi zipewa za asilikali zimene zinatsala nkhondo ya m'dziko lake itatha, n'kuziwochelela pamodzi. Amadziwika maka-maka cifukwa ca mipando yacifumu ndi nkhope za anthu zopangidwa ndi zida zimenezi. Nchito yake inakula kudzela m'pulogalamu yotolela mfuti imene mipingo ya ku Mozambique inayambitsa.

Ubwana wake ndi nkhondo

Mabunda anabadwila mumzinda wa Maputo mu 1975, caka cimene Mozambique inalandila ufulu kucokela ku Portugal. Ali ndi zaka ziwili cabe, mu 1977, nkhondo inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Nkhondoyo inatha pa 4 October 1992, pamene mbali ziwilizi zinasaina pangano la mtendele ku Rome. Panthawiyo Mabunda anali mnyamata wa zaka 17, ndipo anali asanaonepo dziko lake lili pa mtendele. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ndipo enanso mamiliyoni anasiya midzi yao.

Akulu-akulu a ku Kacholola, Nyimba ndi Petauke amaikumbukila nkhondo imeneyi, pakuti malile a Mozambique ali pafupi. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga zinali kudumpha malile ndi kuukila midzi ina ya Cigawo ca Kum'mawa. Anthu ambili othawa nkhondo, maka-maka ocokela ku Tete, anasungidwa ku Ukwimi m'dela la Petauke kuyambila mu 1987 mpaka pamene anabwelela kwao mtendele utabwela.

Mmene anaphunzilila nchito

Mabunda anayambila pansi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kuthandizila pa Núcleo de Arte, malo akale a mu Maputo kumene ojambula ndi osema amasonkhana ndi kugwilila nchito. Kumeneko anakumana ndi Andries Botha, mmisili wa zifanizo wa ku South Africa, ndipo anakhala womuthandiza. Pambuyo pake anapita ku Durban kukaphunzila kasulidwe ndi kawochelelidwe ka zitsulo. Atabwelela kwao anapeza mipingo itayamba nchito imene inam'patsa zitsulo zogwilitsa nchito pa moyo wake wonse.

Mfuti kusinthana ndi makasu

Pangano la mtendele linaletsa kuombelana, koma mfuti zinatsala m'manja mwa anthu. Zina zinali zokwililidwa m'thengo, zina zobisidwa m'madenga ndi pansi pa mphasa. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikhristu m'dzikolo, Conselho Cristão de Moçambique, linayambitsa pulogalamu yochedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Amene anaitsogolela ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, wa dayosizi ya Lebombo. Ganizo lake linacokela pa Yesaya 2:4, pamene mneneli akamba za nthawi imene zida zophela anthu zidzasulidwa kukhala zolimila. Bishopuyo anali kucenjeza anthu kuti kugona ndi mfuti m'nyumba kuli ngati kugona ndi njoka, imene tsiku lina idzaluma mwini wake.

Kayendetsedwe kake kanali kosavuta kumva. Munthu wobweletsa mfuti, kapena woulula kumene zida zinabisidwa, sanali kuimbidwa mlandu. M'malo mwake anali kulandila cinthu comuthandiza kupeza cakudya: khasu, njinga, makina osokela, malata kapena simenti. Tikawelengela pamodzi mfuti, zipolopolo ndi mabomba, zinthu zimene zinatoleledwa zinaposa 600,000. Zambili zinaonongedwa. Zina zinadulidwa-dulidwa kuti zisadzaombenso, ndipo zidutswazo zinapelekedwa kwa amisili a pa Núcleo de Arte. Mabunda anali mmodzi wa iwo.

Kapangidwe ka zifanizo zake

Zipangizo za Mabunda n'zofanana ndi za anyamata owochelela mafelemu a mazenela, zitseko ndi ngolo m'mbali mwa mseu wa Great East: makina owochelela, codulila zitsulo ndi nyundo. Kusiyana kuli pa maso ake. Iye sasungunula mfuti kuti isadziwike. Amaisiya kuti woona aizindikile. Mpope wa mfuti umakhala mwendo wa mpando, cosungila zipolopolo ca AK-47 cimakhala cotsamila, zipolopolo zondandalikidwa zimakhala mano, tsitsi kapena mkanda. Zitsulo zambili amazisiya ndi dzimbili lake, zina amazipaka utoto wowala.

Nkhope zimene amapanga zimatengela luso lakale la Africa losema zigoba za kumaso. Zina zimaoneka zoopsa, zina zimaseketsa, ndipo munthu amayamba waseka asanazindikile kuti maso amene akumuyang'anawo ndi mbali za bomba.

Mipando yacifumu ndiyo imanyamula uthenga wake waukulu. Kwathu kuno mpando wa mfumu ndi cizindikilo ca ulamulilo, ndipo mfumu imakhalapo cifukwa anthu anaivomeleza. Mpando wa Mabunda umaonetsa ulamulilo wina, wopezedwa ndi kusungidwa ndi mfuti. Ndi waukulu ndi wocititsa cidwi, koma palibe angakhalepo momasuka. Anapanganso cifanizo ca nsanja ya Eiffel ya ku Paris ndi zida zomwezo.

Kumene nchito yake yaonetsedwa

Dzina la Mabunda linamveka kunja kudzela m'cionetselo cacikulu cochedwa Africa Remix, cimene cinazungulila mizinda ya Düsseldorf, London, Paris, Tokyo, Stockholm ndi Johannesburg pakati pa 2004 ndi 2007. Mu 2015 nchito zake zinaonetsedwa ku Venice Biennale ku Italy, cimodzi mwa zionetselo zochuka kwambili pa dziko lonse, ndipo mu 2019 anali mmodzi wa amisili oimila Mozambique kumeneko.

Anzake a m'pulogalamu yomweyo anasiyanso zizindikilo zao. Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina lakuti Kester, anapanga mpando wochedwa Throne of Weapons mu 2001, umene British Museum ya ku London inagula mu 2002. Kester yemweyo, pamodzi ndi Hilario Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté, anapanga mtengo wa zitsulo wochedwa Tree of Life, wotalika mamita oposa atatu ndi wolemela pafupifupi hafu ya tani. Unaikidwa mu British Museum mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la Christian Aid.

Mafunso amene nchitoyi imadzutsa

Mfuti za m'nkhondo ya ku Mozambique sizinapangidwe m'dzikolo. Zinacokela ku maiko monga Soviet Union, Portugal ndi ena a kutali. Lelo zidutswa zake zibwelela ku maiko olemela monga zinthu zokongola zogulidwa ndi ndalama zambili, pamene anthu amene anavutika nazo ambili sanazionepo. Ena amafunsanso ngati n'koyenela kukongoletsa cinthu cimene cinapha munthu. Ngakhale maboma nthawi zina amasowa cocita nazo: mu 2015 a kasitomu ku Philadelphia, ku America, anagwila mpando wina wa Mabunda umene munthu anagula, ponena kuti ndi zida za nkhondo.

Amene amayamikila nchitoyi amayankha kuti mfuti yokwililidwa ikhoza kufukulidwa, koma yodulidwa ndi kuwocheleledwa pa mpando yathela pomwepo. Amatinso mtundu umene wabisa zizindikilo zonse za nkhondo umaiwala msanga mtengo wake.

Nkhawa imeneyo ili ndi maziko. Mbendela ya Mozambique ikali ndi cithunzi ca mfuti ya AK-47 yopingasana ndi khasu. Kumenyana pakati pa boma ndi Renamo kunayambilanso mu 2013, ndipo pangano lina la mtendele linasainidwa mu August 2019. Kumpoto, m'cigawo ca Cabo Delgado, nkhondo ina inayamba mu October 2017. Mabunda akali kukhala ndi kugwila nchito mu Maputo, ndipo zitsulo zoti awochelele sizinamusowebe.