Udzu wa pansi pa nyanja umene unabwerera patatha zaka pafupifupi 70

Anzanga, tikati udzu mumaganiza wofolerera nyumba, eti? Komatu pansi pa nyanja zamchere palinso madambo a udzu wotchedwa seagrass. Tiana ta nsomba timabisala m'menemo, mizu yake imagwira mchenga, ndipo umasunga mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, matenda anapha udzuwu m'magombe ambiri a nyanja ya Atlantic. Ku Virginia, m'dziko la America, namondwe wa mu 1933 anamalizitsa wotsalawo. Nkhono za scallop zimene asodzi ankadalira zinasowa, malonda ake n'kuthera pomwepo. Tangoganizani, ana anabadwa mpaka kukalamba osauonapo udzuwo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a Virginia Institute of Marine Science, motsogozedwa ndi Robert Orth, anazindikira kuti madzi analibe vuto, chimene chinkasowa ndi mbewu basi. Anayamba kuzimwaza ali m'maboti. Anthu wamba ongodzipereka anaphunzitsidwa kumira ndi kuthyola nthambi zokhala ndi mbewu. Pofika mu 2020 anali atafesa mbewu zoposa 70 miliyoni, ndipo udzu unali utadzaza mahekitala oposa 3,500.

Mu 2022 bungwe la United Nations linakhazikitsa 1 Marichi kukhala tsiku lokumbukira udzuwu. Tsikulo likadzafika, kafotokozereni ang'ono anu kusukulu nkhani imeneyi: kuwonongeka kunatenga zaka zochepa, kudikira kunatenga moyo wathunthu wa munthu.