Kuchoka pa zidina kufika pa denga lobisika: mbiri ya nyumba za ku Area 24

Boma la Kamuzu Banda litakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano, okonza mapulani anagawa Lilongwe ndi manambala, dera lililonse ndi anthu ake. Akuluakulu anapatsidwa Area 10 ndi Area 43, kumene poloti imodzi ndi munda. Ogwira ntchito m'boma ambiri analowa m'nyumba za Malawi Housing Corporation, zofanana mzere wonse, ngati za ku Area 18. Nanga amisiri, alonda ndi mavenda? Iwowa njira yawo inali ya Traditional Housing Areas: ulandire poloti, nyumba udzionere wekha.

Likulu linasamuka ku Zomba mu 1975, anthu n'kuyamba kukhamukira kuno kuposa mmene mapoloti ankapezekera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzindawu. Amene sanapeze malo ku Kawale, Biwi kapena Area 23 anasefukira ku Area 24 ndi ku Ngwenya, ena akugula malo kwa mafumu.

Nyumba zoyamba zinali za zidina, zoumbidwa pabwalo pomwepo, ndipo dzenje lotsala linkasanduka la zinyalala. Mawindo aang'ono, malata opepuka otsindikiridwa ndi miyala, bafa ndi chimbudzi panja. Mwininyumba akapeza kangachepe ankawotcha uvuni wa njerwa, kutsira simenti yofiira pansi, ana n'kumaipolisha Loweruka mpaka kuwala. Khonde linkayang'ana kumsewu, poti kupatsana moni ndi odutsa inali mbali ya moyo.

Koma chimene chinasintha maonekedwe a madera amenewa ndi lendi. Kuseri kwa nyumba ya landilodi kunayamba kumera mdadada wa zipinda, khomo lililonse banja lake, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi, ndi mikangano ya bilu ya madzi yosatha. Akatswiri a mapulani angaipidwe nazo, komatu mdadada ndi umene waphunzitsa ana ambiri ndi kusunga amayi amasiye mumzinda uno.

Kenaka kunabwera mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, khonde lija n'kubisika. Opita ku Joni anabwera ndi zithunzi m'mafoni: matailosi, mawindo a aluminiyamu, siling'i ya magetsi ang'onoang'ono, malata amtundu a IBR, ndi denga lobisika kuseri kwa chipupa. Dengali n'lokongola, sitikana, ndipo eni ake amati limadya malata ndi matabwa ochepa. Koma mmisiri akalakwitsa ngalande yake, mvula ya mu Januwale imatsikira pabalaza. Mabuloko a simenti nawo afala, makamaka chikhazikitsireni malamulo a 2018 oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo.

Ogulitsa nyumba aziona zonsezi. N'chifukwa chake nyumba ikatsala pang'ono kulengezedwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, imayamba yapakidwa penti yotuwa, geti likonzedwe, matailosi amatidwe pakhonde pomwe kamera ifike. Madobadoba nawo mawu awo ndi omwewo: ya selofu, ya kumpanda, mita yakeyake, galimoto imafika.

Wogula wochenjera amamvetsera mawu awiri omalizawo kuposa penti. Amagogoda chipupa kuti amve ngati pansi pa pulasitala pali zidina. Amatsegula mpopi, kufunsa ngati mita ya Lilongwe Water Board ndi ya ESCOM ili m'dzina la mwini wake, kuyang'ana kumene madzi a mvula amalowera, kenaka kuyeza ndi maso ngati kuseri kungakwane zipinda zina za lendi. Chachikulu koposa ndi mapepala: kalata ya amfumu yokha siifanana mtengo ndi chikalata cha khonsolo kapena cha ku unduna wa za malo.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, nyumba zambiri n'kuima pa linta. Tsopano nazonso zili pamsika, ndipo ogula ena akuzikonda chifukwa njerwa, maziko ndi zitsulo zonse zili poyera, denga adzasankha okha.