Madzi Othamanga

Madzi othamanga ndi madzi a mvula amene, polephera kulowa m'nthaka, amayenda pamwamba kutsata kutsetsereka kwa malo kufikira atathira m'khwawa, mumtsinje kapena m'nyanja.

Amachuluka kumene mitengo inatha ndi nkhwangwa za ootcha makala, kumene moto wolusa wasiya nthaka pamtetete, ndiponso m'mizinda, momwe malata ndi misewu ya phula sizimwa madzi. Popeza madzi saiwala khwawa, monga ananenera makolo, chilichonse chimene atola m'njira chimakatsikira kumtsinje: dothi lachonde, feteleza ndi mankhwala a m'minda, ndowe, zonyansa za m'zimbudzi zosefukira, majumbo ndi mafuta a galimoto. Matope amakwirira maiwe momwe nsomba zimaswanirana. Zonyansa zimafalitsa kolera ndi kamwazi. Ndipo feteleza amanenepetsa namasupuni, amene pamodzi ndi matope a mu Shire amatsamwitsa makina opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Madzi othamanga amachepetsedwa polima mizere yopingasa chitunda, pokweza akalozera ndi kubzala vetiva, ndi posiya mitengo, nsungwi ndi bango m'mphepete mwa mitsinje. Onaninso: kukokoloka kwa nthaka, kusefukira kwa madzi.