Kanonkop: munda wa mphesa wa mabanja a Sauer ndi Krige ku Stellenbosch

Kanonkop ndi munda wa mphesa umene uli m'tsinde mwa phiri la Simonsberg, m'dera la Stellenbosch, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa. Mundawu, umene uli ndi mahekitala pafupifupi 100 a mphesa, umadziwika kwambiri ndi vinyo wofiira, makamaka wa mtundu wa Pinotage. Eni ake ndi a banja limodzi, ndipo wakhala ukusiyiranidwa kwa mibadwo inayi.

Dzinali ndi la Chiafrikaans ndipo limatanthauza kaphiri ka mzinga. M'zaka za m'ma 1600, zombo zikaima padoko la Table Bay, pakaphiri kena kapafupi ankawombapo mzinga pofuna kudziwitsa alimi akumtunda kuti ayambe ulendo wokagulitsa zokolola zawo kudoko. Kale malowa anali mbali ya famu yaikulu ya Uitkyk, imene inali ya J.W. Sauer, nduna m'boma la Cape ndiponso m'boma loyamba la Union of South Africa. Pamene Uitkyk inagulitsidwa m'chaka cha 1929, mwana wake, Paul Sauer, anatsala ndi chigawo cham'munsi, chimene ndi Kanonkop ya lero.

Mbiri ya banjali siingalekanitsidwe ndi mbiri ya nthaka ndi tsankho m'dzikomo. J.W. Sauer ankadziwika ngati munthu woteteza ufulu wa anthu akuda wovota ku Cape, komabe ndi iye amene anapereka kunyumba ya malamulo lamulo la nthaka la m'chaka cha 1913, limene linaletsa anthu akuda kugula malo m'mbali yaikulu ya dzikolo. Anamwalira chaka chomwecho. Paul Sauer ndiye anatsogolera komiti ya chipani cha National Party imene lipoti lake la m'chaka cha 1947 linakhala maziko a ndondomeko ya tsankho ya apartheid. Anakhala nduna kuyambira 1948 mpaka 1964, poyamba ya zamtengatenga, kenaka ya zamalo. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville mu 1960, Sauer analankhula poyera kuti ubale wa boma ndi anthu akuda uyenera kuunikidwanso, koma nduna yaikulu Hendrik Verwoerd sanamvere. Anamwalira mu 1976. Vinyo wapamwamba wa Kanonkop amatchedwa ndi dzina lake kufikira lero, ndipo wogula amene akudziwa mbiriyi ali ndi chifukwa chodzifunsa asanatsegule botolo.

Kwa zaka zambiri mundawu sunkagulitsa vinyo wokhala ndi dzina lake. Monga alimi ambiri a nthawi imeneyo, eni ake ankagulitsa vinyo wambirimbiri kwa amalonda akuluakulu amene ankamusakaniza ndi wa minda ina. Zinthu zinasintha Jan Boland Coetzee, amenenso anasewerera timu ya dziko ya rugby ya Springboks, atayamba ntchito yopanga vinyo pamundapo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mabotolo oyamba a Kanonkop anatuluka ndi mphesa za m'chaka cha 1973, chaka chimene boma linakhazikitsa lamulo la Wine of Origin, lotsimikizira wogula dera, mtundu wa mphesa ndi chaka cha vinyo. Mwana wamkazi wa Paul Sauer, Mary, anakwatiwa ndi Jannie Krige, ndipo ana awo Johann ndi Paul Krige ndi amene anadzatenga utsogoleri wa mundawu.

Pinotage, amene amatenga pafupifupi theka la munda, ndi mphesa yobadwira ku South Africa komweko. Pulofesa Abraham Izak Perold wa payunivesite ya Stellenbosch anaipeza mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya ku France, Pinot Noir ndi Cinsaut. Ku Cape, Cinsaut ankatchedwa Hermitage, ndipo dzina latsopanolo linachokera pa mayina awiriwo. Mphesayi siinalandiridwe bwino kunja. Akatswiri olawa vinyo a ku Britain amene anacheza ku Cape mu 1976 ananyoza fungo lake, ena n'kuliyerekeza ndi dzimbiri, ndipo alimi ena anazula mitengo yawo. Ku Kanonkop sanazule.

Amene anabwezera ulemu mphesayi ndi Beyers Truter, yemwe analowa m'malo mwa Coetzee kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Iye anaona kuti vuto silinali mphesa koma kasamalidwe kake, ndipo anayamba kusunga Pinotage m'migolo yaing'ono yatsopano ya mtengo wa oak wa ku France, monga amachitira ndi vinyo wodula wa ku Bordeaux. M'chaka cha 1991 mpikisano wa International Wine and Spirit Competition wa ku London unamusankha kukhala katswiri wopanga vinyo woposa onse padziko lonse m'chakacho. Ulemuwu unabwera pa nthawi imene mayiko anali kuyamba kuchotsa ziletso za malonda ndi South Africa, ndipo unathandiza kuti ogula akunja ayambe kuonanso Pinotage ndi maso ena. Abrie Beeslaar, amene anafika pamundapo mu 2002 n'kutenga udindo wa Truter, analandira ulemu womwewo katatu, mu 2008, 2015 ndi 2017. Anachoka mu 2024. M'zaka zoposa 50, ntchitoyi inagwiridwa ndi anthu atatu okha, chinthu chosowa m'minda ya mphesa.

Kapangidwe ka vinyo pamalowa n'kachikale mwadala. Mphesa zambiri za Pinotage zimamera ngati zitsamba zazifupi, popanda mawaya ozikwezera, m'dothi lofiira lochokera ku miyala ya granite imene inafumbutuka. Mitengo yakale imazika mizu mozama ndipo imabala zochepa, koma timphesa take timakhala ndi kakomedwe kamphamvu. Chigawo china chinabzalidwa mu 1953, ndipo ndi chimene chimatulutsa Black Label Pinotage, vinyo wochepa ndi wodula amene anayamba kupangidwa mu 2006. Mphepo yochokera kunyanja imaziziritsa munda masana a chilimwe, kotero mphesa sizipsa mothamanga.

Pa nthawi yokolola, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, mphesa zophwanya zimathiridwa m'mathanki asimenti osavundikira, aatali ndi osazama. Vinyo akayamba kuwira, makoko amayandama pamwamba n'kupanga chikhungu cholimba. Antchito amaima m'mbali mwa thanki ndi mitengo yaitali n'kumakankhira makokowo pansi pakatha maola awiri alionse, usana ndi usiku, kwa masiku angapo. Mtundu wofiira ndi mphamvu ya vinyo zili m'makoko, choncho kukankhaku ndiko kumazitulutsa. Thanki yosavundikira imalolanso kuti kutentha ndi gawo lina la mowa zituluke ndi mpweya, zimene zimathandiza m'dera lotentha ngati limeneli. Minda yambiri inasiya njirayi n'kugula mathanki achitsulo otsekeka oyendera makina. Kanonkop inagula makina amakono osankhira mphesa, koma ntchito yokankha makoko inasiyidwa m'manja mwa anthu, ndipo ndi ntchito yolemetsa imene mayina a oigwira salembedwa pabotolo.

Vinyo wotchedwa Paul Sauer anayamba mu 1981. Mbali yake yaikulu ndi Cabernet Sauvignon, wosakaniza ndi Cabernet Franc ndi Merlot, ndipo amakhala zaka ziwiri m'migolo yatsopano ya malita 225 asanalowe m'botolo. Mu 2018 mtolankhani wa za vinyo wa ku Britain, Tim Atkin, anapereka mapointi 100 pa 100 kwa Paul Sauer wa m'chaka cha 2015, koyamba kuti apereke mapointi onse kwa vinyo wa ku South Africa. Komabe mabotolo ambiri amene mundawu umagulitsa ndi a Kadette, vinyo wotsika mtengo amene mphesa zake zina zimagulidwa kwa alimi ena a ku Stellenbosch. Malonda ake atakula, banja la Krige linagula munda woyandikana nawo wa Laibach mu 2022.