Mkwiyo Umene Unkakhala m'Ndulu

Agiriki akale ankakhulupirira kuti m'thupi la munthu muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Otsatira a Hippocrates analemba zimenezi zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe. Patapita zaka mazana asanu ndi kuposerapo, Galen wa ku Pergamon, sing'anga wa mafumu a ku Roma, analimbitsa chiphunzitsocho mpaka madokotala a ku Ulaya anachigwira kwa zaka zoposa 1,000. Iwo ankati munthu amene ndulu yachikasu yamuchulukira amatentha m'kati ndipo sachedwa kukalipa.

Ndulu m'Chigiriki ndi chole. Mawuwa anadutsa m'Chilatini ndi m'Chifalansa n'kukafika ku England, kumene m'ma 1390 Geoffrey Chaucer anatcha kapitawo wina wowonda wa m'nkhani zake choleric, kutanthauza munthu wandulu, waukali. Mpaka lero Mngelezi amagwiritsa ntchito mawuwa, koma makamaka m'mabuku, pofotokoza gogo kapena bwana amene ukali ndi chibadwa chake. Sanenedwa kwa munthu amene wakwiya lero lokha chifukwa amubera ukonde.

Chingelezi chinakhazikika kuno ku Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja, mu 1881, pamene amishoni a Livingstonia anachoka ku Cape Maclear, kumene malungo ankawatha, n'kudzamanga ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Mtsogoleri wawo, Robert Laws, anali dokotala, ndipo pa nthawiyo chiphunzitso cha madzi anayi chinali chitatayidwa kale. Chinatsala m'mawu basi. Atonga anathamangira sukulu, ndipo mwa ana a m'derali munatuluka Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town, akulankhula Chingelezi chimene mabwana a padoko sankachimva bwino m'makutu.

Komatu kwa ife ndulu siinakhalepo nyumba ya mkwiyo. Amayi akamatumbula chambo kapena nkhuku amaichotsa mosamala kuti isaphulike n'kuwawitsa ndiwo, ndipo ndulu ya ng'ona imatchulidwa monong'ona, poopa chiphe. Ukali ife tinauika mumtima. Timati wapsa mtima, ndipo wosachedwa kupsa timati ali ndi mtima wapachala. Ine ndimaona kuti fanizo lathuli likuposa la Agiriki: mtima umene uli pachala ndi umene aliyense angaugunde podutsa, ngakhale osafuna, ndipo ukamuloza munthu umafika iwe usanaganize.

Chole uja anafikabe kunyanja, koma kudzera khomo lina. Madokotala akale anatcha matenda ena otsekula m'mimba ndi kusanza dzina lochokera ku ndulu yomweyo, poganiza kuti ndiyo ikutuluka. John Snow anasonyeza ku London mu 1854 kuti vuto linali madzi akumwa, ndipo Robert Koch anapatula kachilombo kake mu 1884, koma dzina silinasinthe. Mu 2022 matendawa atabuka m'boma la Nkhata Bay, azaumoyo ankayenda m'madoko a asodzi ndi klorini, akuchenjeza za kolera anthu amene ankatunga madzi akumwa m'nyanja.